Tisacotse Phunziro la Mungu

Pali mau amene akhala akumveka pakati pa ena mwa inu amene munatsiriza maphunziro pano, ndipo afika m'makutu mwa aphunzitsi. Akuti masabata amene timathera pa nkhani ya duwa, mungu ndi makromozomu ndi nthawi yotayika. Akuti mlimi wa m'dimba sadya maikulosikopu, conco ndi bwino masiku amenewo tiwapereke ku phunziro la kusunga mabuku a ndalama ndi kufunafuna msika. Odandaulawo si anthu aulesi. Ambiri a iwo amadzuka mbandakuca kukathirira ndi keni, ndipo adziwa kuwawa kwa kubwerera kunyumba madzulo ndi dengu la ndiwo zofota. Ndiwalemekeza, koma sindigwirizana nawo, ndipo ndifuna kufotokoza cifukwa cake pogwiritsa nchito mbeu imodzi, biringanya, pamodzi ndi mbale wake impwa.

Tiyambire pa cinthu cimene aliyense wolima mabiringanya anacionapo. Kumapeto kwa Seputembala ndi m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likafika poswa mtengo, mbeu zimaoneka zathanzi, masamba ali biriwiri, maluwa akumasula tsiku ndi tsiku. Koma pakapita masiku atatu kapena anai, maluwa aja amafota pakhosi ndi kugwa, osasiya kanthu. Ocepa amene agwira amabala tizipatso tolimba, topindika, timene amai a pamsika amatikankhira pambali. Apa mlimi amacita zimene mtima wamuuza. Wina amabwerera ku sitolo kukakalipira wogulitsa mbeu. Wina amagula botolo la mankhwala opopera masamba lolembedwa kuti limagwiritsa maluwa. Wina amaonjezera yuriya, mbeu n'kupitiriza kucita masamba, maluwa n'kumagwabe. Wina amayang'ana kuseri kwa mpanda kumene mnzake wabzala impwa, nayamba kunena kuti impwazo zaononga mbeu zake. Ndipo tisabise, alipo ena, ngakhale a mumpingo, amene amafika poganiza kuti m'dimba mwapita munthu usiku. Wotsiriza amazula zonse nabzala repu. Njira zonsezi zimadya ndalama kapena cibale, ndipo gwero lake ndi limodzi: kusadziwa zimene zinacitika m'kati mwa duwa lisanatseguke.

Thupi la comera, monga la munthu ndi la ng'ombe, linamangidwa ndi maselo osaoneka ndi maso. Pakati pa selo lililonse pali timaulusi timene tasunga malangizo onse a mbeuyo: msinkhu wake, maonekedwe a cipatso, kuwawa kapena kukoma kwake, ndi mphamvu yolimbana ndi matenda. Timaulusi timeneti ndito makromozomu. Dzinali analipereka Mjeremani wina, Wilhelm Waldeyer, m'caka ca 1888, ndipo linacokera ku mau a Cigiriki onena za thupi ndi utoto, cifukwa timaulusito timamwa utoto msanga kuposa zina zonse za m'selo. Biringanya lili ndi makromozomu 24. Impwa nazo zili ndi 24, cimodzimodzinso matimati ndi tsabola. Cimanga cili ndi 20, munthu 46. Cofunika kuposa ciwerengeroco n'cakuti makromozomu amakhala awiriawiri. Pa 24 a biringanya, 12 anacokera ku dzira la m'duwa limene linabala njere, ndipo 12 anabwera ndi mungu.

Yerekezani munthu amene ali ndi ng'ombe 24 zomangidwa m'magoli 12, goli lililonse ndi nchito yakeyake: lina lolima, lina lokoka ngolo, lina loguza mitengo, motero mpaka onse 12. Tsiku lina afuna kugawira ana ake awiri. Kugawa kolungama n'kwakuti mwana aliyense atenge ng'ombe imodzi pa goli lililonse. Akangowerenga 12 uku ndi 12 uko mosasamala, mwana wina adzapezeka ndi ng'ombe ziwiri za ngolo koma wopanda ya pulawo, ndipo munda wake udzagonera. Kugawa kotereku ndiko kumacitika m'timatumba tacikasu ta pakati pa duwa, pamene duwalo likali kamphukira kakang'ono kotsekeka. Makromozomu amayamba afunana, aliyense ndi mnzake wa pa goli, nagwirana, naima pamzere pakati pa selo. Kenaka amalekana, wina kupita uku, wina uko. Popeza aliyense anali atadzikopera kale, selo limagawikanso kaciwiri, ndipo kucokera m'selo limodzi mumatuluka njere zinai za mungu, iliyonse ndi makromozomu 12. Zomwezo zimacitika popanga mazira m'kamimba ka duwa. Mungu ukakumana ndi dzira, magoli 12 amakwaniranso, ndipo njere ya mbeu imayamba. Asayansi amacha kugawikaku kuti meiosis. Mmodzi wa anthu oyamba kuona kuti kuyenda kwa makromozomu awiriawiri ndiko kumafotokoza mmene ana amatengera makolo anali wophunzira wa ku America, Walter Sutton, m'caka ca 1902, ndipo anaziona m'ziwala, zomwezi ana athu amathamangitsa m'madambo.

Kugawaku kukasokonezeka, kromozomu wina amatsalira pakati pamene anzake apita, kapena awiri a goli limodzi amapita mbali imodzi. Njere ya mungu yotuluka pamenepo imakhala ndi 11 kapena 13, ndipo kawirikawiri imafa isanakhwime. Cigoba cake cimatsala, koma m'kati mulibe kanthu. Izi mungathe kuziona nokha. Tikagwedezera mungu pa kagalasi ndi kudonthezapo utoto wofiira wochedwa acetocarmine, mungu wabwino umaoneka wobulungira, wodzaza, wofiira bwino. Wakufa umakhala wofwapa, wotuwa, wonga nyemba yofumbwa. Njere za mungu wa biringanya n'zazing'ono kwambiri moti pafupifupi 40 zitandandalikidwa ndiye zikwana milimita imodzi, komabe wophunzira wodekha amatha kuwerenga njere 100 ndi kunena kuti zofiira ndi zingati. Utotowo umakomera mungu pang'ono, pakuti njere ina ikhoza kufiira koma n'kulephera kumera. Komabe ukaona kuti theka la njere ndi zigoba, palibe cifukwa cofunsira kwina. Makolo ananena za cikomekome ca mkuyu. Duwa la biringanya la mu Okutobala likhoza kukhala lokongola ngati la mu Epulo, m'kati muli mankhusu.

Cimene cimasokoneza kugawaku kawirikawiri m'madimba athu ndi kutentha. Biringanya ndi mbeu yokonda dzuwa, ndipo imapirira kuposa matimati. Imakula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 22 ndi 30. Koma masana akamapitirira madigiri 35 masiku otsatizana, usiku n'kukhalanso wofunda, mungu umayamba kuonongeka. Ku cigwa ca Luangwa, ca ku Mambwe ndi Mfuwe, si cacilendo kufika madigiri 40 mu Okutobala, ndipo ngakhale kumtunda kuno dimba lopanda mthunzi limatentha kuposa mmene wailesi yanenera. Cisanu ca mu Juni ndi Julayi cimacitanso zofanana: usiku ukamatsika pansi pa madigiri 15, mungu umacepa mphamvu. Mbeu ikakhala ndi ludzu pamwamba pa kutentha, vuto limawirikiza, cifukwa comera cimadziziziritsa potulutsa madzi m'masamba, ndipo copanda madzi cimapsa ngati munthu amene waleka kutuluka thukuta.

Apa ndi pamene pagona mfundo imene ndifuna muigwiritsitse. Nthawi imene mungu suchinjirizika konse ndi pamene makromozomu akugawana ndi masiku ocepa otsatira, ndipo zimenezi zimacitika sabata imodzi kapena awiri duwa lisanatseguke. Duwa limene lagwa lero linapwetekedwa masiku khumi apitawo, mwina tsiku lija pampu inafa kapena sabata ija munapita ku maliro osasiya wothirira. Botolo limene mugula lero silingabwezere makromozomu m'malo mwake. Mlimi wodziwa zimenezi amasunga ndalama yake, nayang'ana timphukira timene tikali tating'ono, pakuti ndito tingapulumutsidwe. Amaphimbira nthaka ndi udzu wokwanira, amathirira mosadumphitsa m'malo mothira madzi ambiri kamodzi pa sabata, ndipo caka cotsatira amabzala mizere ya cimanga kapena nyamundolo kumbali ya kumadzulo kuti ichinge dzuwa la masana. Koposa zonse, sazula. Biringanya limapitiriza kumasula miyezi yambiri, ndipo mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, kunja n'kuzizira, mbeu zomwe zija zimagwira zipatso pa nthawi imene anzake amene anazula akali kuyang'anira nazale.

Sindikunena kuti duwa lililonse logwa ndi mlandu wa makromozomu. Biringanya lili ndi khalidwe lake limene ambiri salidziwa. Pakati pa timatumba ta mungu pamatuluka kakhosi kacikazi kokhala ndi kamutu konata kolandira mungu. M'maluwa ena kakhosi kameneka n'katali, koonekera kunja. M'maluwa ena n'kafupi, kobisika pansi. A kakhosi katali ndiwo amagwira zipatso kawirikawiri, pamene a kafupi amagwa pafupifupi onse ngakhale nyengo ikhale yabwino motani. Pa tsango la maluwa atatu kapena anai, nthawi zambiri loyamba, la phesi lonenepa, ndilo la kakhosi katali, enawo ndi operekeza. Mlimi amene sanauzidwe zimenezi amawerenga maluwa ogwa pansi nadwala mtima popanda cifukwa.

Cina n'cakuti mungu wa biringanya suuluka wokha monga wa ku ngayaye za cimanga. Timatumba take n'totsekeka, ndipo tili ndi kabowo kakang'ono kunsonga, conco mungu umatuluka pokhapokha duwa litagwedezeka mwamphamvu. Njuci za mumng'oma sizidziwa kugwedeza kotereku. Amene adziwa ndi bemberezi, uja amaboola mitengo ya denga la khola, pamodzi ndi njuci zina za m'thengo zokhala pazokha. Bemberezi amakumbatira duwa nanjenjemeretsa thupi lake, mungu n'kutuluka ngati ufa. Ndiye taganizani za mlimi amene amapopera mankhwala a akangaude ofiira 8 koloko m'mawa, nthawi yomwe maluwa atseguka ndipo bemberezi ali pa nchito. Amapha wanchito amene samulipira, kenaka n'kudabwa kuti zipatso zacepa. Kupopera kucitike madzulo dzuwa litapendeka. Kumene tizilombo totere tasowa, yendani m'mizere m'mawa ndi kugogoda pang'ono mitengo yogwiriziza mbeu. Cipatso ca biringanya cimakhala ndi njere mazana ambiri, ndipo njere iliyonse inafuna njere yakeyake ya mungu. Cipatso colandira mungu wocepa cimakula mbali imodzi kapena kupinimbira.

Kuti musiyanitse zonsezi simufunika maikulosikopu tsiku lililonse. Tengani foni yozimitsa kapena kapepala kakuda, ikani pansi pa duwa lotseguka m'mawa, ndipo ligogodeni ndi cala. Ngati pagwa fumbi loyera looneka bwino, mungu ulipo, ndipo muyang'ane kwina: kutalika kwa kakhosi, kusowa kwa tizilombo, akangaude pansi pa masamba, kapena kuculuka kwa yuriya. Ngati maluwa khumi motsatizana satulutsa kanthu, bwererani m'buku lanu muone zimene zinacitika masabata awiri apitawo. Kuyesa kumeneku kulibe mtengo, koma munthu sangakuganizire ngati sanaonepo ndi maso ake kusiyana kwa mungu wamoyo ndi wakufa.

Tsopano nkhani ya impwa za mnzathu, imene yadanitsa anthu opemphera m'chalichi cimodzi. Mnofu wa cipatso ndi thupi la mai. Mungu wocokera kwina umakhudza njere zokha za m'kati, ndipo zotsatira zake zimaoneka pokhapokha njerezo zitabzalidwa. Cimene cimatisoceretsa ndi cimanga, kumene mungu wa cimanga cacikasu umaonetsa maso acikasu pa cisononkho coyera caka comweco. Koma diso la cimanga ndi njere, si mnofu wa cipatso. Biringanya lowawa lawawa cifukwa lakhwimitsa pamtengo, kapena linakula ndi ludzu, kapena mtundu wake ndi wotero. Impwa za kuseri kwa mpanda zilibe mlandu.

Ndiponso biringanya ndi impwa sizikwatirana mosavuta. Biringanya, limene Carl Linnaeus analicha Solanum melongena m'caka ca 1753, linawetedwa ku Asia, pamene impwa zathu zambiri ndi Solanum aethiopicum, mbeu yowetedwa mu Africa muno. Akatswiri akazikwatitsa ndi manja, nthawi zina njere zimagwira, ndipo comera cotuluka cimakula mwamphamvu, cimamasula maluwa ambiri, koma mungu wake pafupifupi wonse umakhala wakufa. Wophunzira wochera khutu amafunsa: zitheka bwanji, popeza zonse ziwiri zili ndi 24? Yankho lake n'lakuti ciwerengero cokha sicikwanira. Malangizo a m'makromozomu a impwa sanasanjidwe ndendende monga a biringanya. Zidutswa zina zinasinthana malo. Pofika nthawi yogawana, ena amalephera kupeza mnzao, ena amakolana anai pamodzi, ndipo ngakhale amene aoneka kuti agwirana bwino akalekana amasiya mungu wosowa malangizo ena. Ndi ng'ombe zofanana ciwerengero koma zophunzitsidwa m'makola osiyana. Citsanzo codziwika kwa onse ndi nyuru: kavalo ali ndi makromozomu 64, bulu 62, mwana wao 63, wamphamvu pa nchito koma wosabala.

Akatswiri amalimbikirabe kukwatitsa ziwirizi cifukwa impwa zili ndi cuma cimene biringanya lilibe, makamaka mphamvu yolimbana ndi matenda ena ofotetsa ocokera m'nthaka. Ku Italy anakwanitsa, patapita zaka zambiri, kusamutsira m'biringanya mphamvu ya impwa yolimbana ndi matenda a Fusarium. Ena anapeza kuti akawirikiza makromozomu a mwana wosabala uja ndi mankhwala ochedwa colchicine, kucoka pa 24 kufika pa 48, kromozomu aliyense amapeza mnzake weniweni, ndipo mungu umakhalanso ndi moyo. Ku Japan, pa yunivesiti ya Saga, anagwiritsa nchito abale a biringanya kupanga dala mitundu yosatulutsa mungu wabwino, kuti opanga mbeu za haibulidi asamavutike kuthothola timatumba ta mungu duwa ndi duwa. Cimene kwa ife ndi tsoka la mu Okutobala, kwa iwo ndi cida. Nchito imeneyo ndi ya anthu okhala ndi zipangizo ndi zaka zoyembekezera. Kwa inu phindu lake ndi ili: munthu akadza ndi njere nati ndi mtundu watsopano wa impwa zokwatitsa ndi biringanya umene anaupeza m'dimba mwake, musafulumire kutulutsa cikwama. Ndipo amene mwaphunzira kumezanitsa biringanya pa tsinde la mbale wake wa m'thengo kumbukirani kuti kumezanitsa sikusakaniza makromozomu. Njere za cipatso ca pamwamba ndi za biringanya basi. Mbale amene muyenera kumuyang'anira ndi nthula. Mitundu ina ya nthula ili pafupi ndi biringanya kuposa impwa, ndipo imatha kukwatirana nalo, kuonjezera pa kusunga tizilombo tofanana. Wosunga mbeu azule nthula zozungulira dimba lake zisanamasule.

Phunziro lomweli limayankha funso limene limabwera caka ciliconse, la njere zosungidwa kucokera ku mbeu ya paketi yolembedwa F1. Ambiri amakhulupirira kuti makampani amathira mankhwala kuti njere zotero zisabale. Sizili conco. Haibulidi ya F1 ndi mwana wa mitundu iwiri ya biringanya lomwelo, ndipo makromozomu ake amagwirana bwinobwino, mungu wake ndi wamoyo, njere zake zimamera. Nkhani ili pa magoli aja. Pa goli lililonse pali ng'ombe ya kwa atate ndi ya kwa amai, zosiyana khalidwe, ndipo pogawana, goli lililonse limasankha palokha kuti iti ipite mbali iti. Pa magoli 12, njira zogawira ndi 4,096 ku mbali ya mungu yokha, ndi zina 4,096 ku mbali ya dzira, osawerengera zidutswa zimene makromozomu amasinthana akagwirana. N'cifukwa cake munda wa njere zobwereza umatulutsa zipatso zazitali ndi zobulungira, zakuda ndi zotuwa, zofulumira ndi zocedwa, zimene wogula wa ku hotela sangazilandire. Gregor Mendel anaziona m'nsawawa za kwao nazilemba m'caka ca 1866, asanadziwe n'komwe za makromozomu. Koma mtundu wakale monga Black Beauty, umene unayamba kugulitsidwa ku America m'caka ca 1902, ng'ombe zake za pa goli lililonse n'zofanana, conco ngakhale zigawidwe motani ana amafanana ndi makolo, malinga ngati bemberezi sanabweretse mungu wa mtundu wina. Kusunga mbeu yotere n'kotheka kwa aliyense: sankhani mbeu zathanzi zingapo, osati imodzi, vekani timphukira timatumba ta pepala kapena ta neti tisanatseguke, gwedezani m'mawa, mangani kaulusi pa zipatso zogwira, ndipo zisiyeni zikhwime mpaka zisanduke zacikasu kapena zodera. Impwa zosungira mbeu zifike pofiira.

Alipo abale amene cikumbumtima cimawavuta pa mbeu za haibulidi, poganizira lamulo la mu Levitiko 19 lokhudza kusakaniza mbeu m'munda, ndi nkhani ya cilengedwe mu Genesis 1. Nkhawa yao siyenera kusekedwa. Kuona kwanga n'kwakuti wopanga F1 amacita ndi dzanja cimene bemberezi amacita tsiku lililonse pakati pa mabiringanya awiri, ndipo wotuluka ndi biringanya ndithu. Malire enieni a mitundu munthu amawaona bwino koposa pa kagalasi kaja, pamene makromozomu a impwa ndi a biringanya akulephera kuyenda pamodzi. Ine ndikaona magoli 12 ataima pamzere m'selo losaoneka ndi maso, mtima wanga umadzala ndi ulemu kwa Mlengi, ndipo sindinaonepo wophunzira amene cikhulupiriro cake cinacepa cifukwa coyang'ana pamenepo. Funso la haibulidi kwa mlimi ndi la thumba ndi la ufulu: kodi phindu la caka cino likwanira kugula paketi ina caka camawa? Kumene msika ufuna zipatso zofanana ndipo madzi alipo, F1 imabweza ndalama zake. Kumene msika ndi wa pamudzi, mtundu wosungika uli bwino. Pa impwa ndiye ndilibe kukayika konse: mitundu imene agogo athu anasunga, yoyera, yobiriwira, yamizeremizere, yowawa pang'ono ndi yowawa kwambiri, isungidwe ndi ife eni. Nkhokwe za mbeu za ku Mount Makulu ndi ya maiko a SADC ku Chalimbana zimasunga zimene zingathe, koma mbeu imakhala yamoyo kwenikweni pamene ikubzalidwa, kudyedwa ndi kusankhidwa caka ndi caka.

Wodziwa kuwerenga magoli sadabwanso ndi zinthu zina za m'munda. Nthoci zathu zodya zilibe njere cifukwa zili ndi makromozomu 33, atatuatatu m'malo mwa awiriawiri, ndipo atatu sagawika pawiri. Mavwende opanda njere amene ayamba kuoneka m'masitolo akuluakulu ali ndi 33 naonso, ana a kholo la 44 ndi la 22. Mungu wao ndi wacabe, ndipo wobzala popanda kusakanizamo mizere ya mavwende wamba opereka mungu adzakolola masamba. Njere zake n'zodula kwambiri, ndipo kulakwa kumodzi kotere kungathe kumeza phindu la nyengo yonse.

Kwa amene mufuna maphunziro oonjezereka a msika, pempho lanu n'lomveka, ndipo liyenera kupezeredwa malo. Koma lingalirani cimene wogula wamkulu amafuna. Malo ogona alendo, sukulu yogonera komweko kapena sitolo ya m'tauni ya Chipata safunsa kuti mbeu zanu n'zobiriwira motani. Amafunsa ngati mudzabweretsa makilogalamu amene munalonjeza Lacitatu lililonse, kuphatikizapo mu Okutobala ndi kuciyambi kwa Novembala pamene ndiwo zasowa ndipo mtengo wakwera. Biringanya limakhala m'nazale masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo limayamba kumasula patapita nthawi yonga yomweyo litaokeredwa. Wofesa kumapeto kwa Julayi akuika maluwa ake oyamba m'kamwa mwa dzuwa la Okutobala. Angathe kucita zimenezo mwadala, pofuna mtengo wabwino, koma acite atakonzeka ndi madzi, udzu ndi mthunzi, ndiponso asalonjeze wogula zokolola za mu Epulo. Kuwerengera kotereku ndi phunziro la msika ndithu, ndipo sikutheka popanda kudziwa tsiku limene mungu umapangidwa.

Pamene ndivomerezana ndi odandaula ndi pa kaphunzitsidwe. Nkhani ya makromozomu ikangokhala ya coko ndi bolodi, ya maina a Cingelezi oloweza pamtima kuti munthu apambane mayeso, ndiye kuti masabatawo atayikadi. Iyenera kuphunzitsidwa nthawi yotentha, maluwa ali m'manja, wophunzira aliyense atayerekeza mungu wa mzere wophimbiridwa ndi wa mzere wosaphimbira, wa biringanya ndi wa impwa, nalemba ziwerengero zake m'buku. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo maikulosikopu imodzi ikwanira kalasi lonse ngati tisinthana mwadongosolo. Ndikupemphanso kuti khomo likhale lotseguka kwa inu amene munacoka kale. Maluwa akayamba kuyoyoka kwanu, thyolani khumi otseguka kumene pakati pa 7 ndi 9 koloko m'mawa, ena ku mbeu za padzuwa, ena ku za pamthunzi. Ikani m'maenvulopu a pepala, cifukwa m'pulasitiki amacita thukuta ndi kuola. Lembani pamwamba dzina la mtundu, tsiku lookera, feteleza amene munathira, mankhwala amene munapopera ndi ola lake, ndiponso masiku amene munathirira m'masabata awiri apitawo. Mukabwera nawo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, kupatula pa Sabata, tidzawerenga mungu pamodzi, inu mwini muli pa maikulosikopu.